Kodi Nyasaland Anaswa Lamulo Potuluka m'Chitaganya?

Pakati pa usiku wa pa 31 Disembala 1963 Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinatha, chitakhala zaka khumi ndi miyezi isanu. Mbiri imeneyi ili m'mabuku a ana a sukulu, ndipo inu amene mukuphunzira nchito ya uphunzitsi mudzaiphunzitsa chaka ndi chaka. Koma tsiku lina mwana wochenjera adzakweza dzanja nadzafunsa kuti, "Aphunzitsi, inu mumatiuza kuti lamulo liyenera kusungidwa; nanga makolo athu potuluka m'Chitaganya sanaswe lamulo kodi?" Funso lotere siliyenera kuyankhidwa ndi ukali kapena ndi nthabwala, pakuti linasautsa akatswiri a malamulo ku London ndi ku Salisbury zaka zingapo, ndipo m'dziko lina linaphetsa anthu oposa 600,000. Mphunzitsi amene sanaliganizire adzagwa m'mbuna imodzi mwa ziwiri: kapena adzati lamulo lilibe kanthu pamene anthu afuna ufulu, kapena adzati makolo athu anali opanduka. Zonse ziwirizi si zoona, ndipo m'nkhani ino tiyesa kuonetsa chifukwa chake.

Chitaganya ndi malamulo ake

Tiyambe ndi kumasulira mau. Chitaganya ndicho chigwirizano cha maiko angapo amene akhala pansi pa boma limodzi lalikulu, koma dziko lililonse lisungabe boma lakelake laling'ono, ndipo nchito zolamulira zigawidwa pakati pa mabomawo. M'Chitaganya chimene tikukamba, boma lalikulu la ku Salisbury linatenga asilikali, nkhani za maiko akunja, ndalama, msonkho wa katundu wolowa m'dziko, mapositi, zipatala, ndi sukulu za ana a Azungu ndi Amwenye. Boma la ku Zomba linatsala ndi apolisi, nkhani za malo ndi za mafumu, ulimi wa m'midzi, ndiponso sukulu za ana a eni dziko. Kugawana kotere kumalembedwa m'malamulo aakulu, amene ndiwo maziko a malamulo ena onse.

Tsono olemba malamulo aakulu amasamala kwambiri polongosola khomo lolowera, koma kawirikawiri sanena kanthu za khomo lotulukira, monganso ankhoswe sakamba za kusudzulana pa tsiku la chinkhoswe. Alipo maiko owerengeka amene analemba poyera, monga Ethiopia, amene m'malamulo ake a 1995 analola mtundu uliwonse kupatuka utatsata njira zoikika. Koma ambiri anangokhala chete. Pamene dziko lina lifuna kutuluka, kukhala chete kumeneku kumabala mkangano. Ofuna kutuluka amati chimene sichinaletsedwe n'chololedwa, ndipo ofuna kusunga chigwirizano amati chimene sichinaloledwe n'choletsedwa. Pa mau okhawa mkangano sungathe. Woweruza wanzeru amafunsa funso lina, lakuti: kodi anamanga mfundo imeneyi ndani? Pakuti kwathu kuno tidziwa kuti ukwati sumasulidwa ndi mkazi yekha kapena mwamuna yekha pongotuluka m'nyumba usiku. Umasulidwa pamaso pa ankhoswe omwe aja anaumanga. Tisanafike pa mlandu wa Nyasaland tione maiko awiri amene anakumana ndi funsoli ife tisanakumane nalo.

Zimene zinachitika ku America

Malamulo aakulu a United States of America analembedwa m'chaka cha 1787, ndipo sanena kanthu za kupatuka. M'chaka cha 1860 Abraham Lincoln anasankhidwa kukhala pulezidenti. Iye anali wa chipani chokana kuti ukapolo ufalikire ku madera atsopano, ndipo eni akapolo a ku mwera, poopa kutaya chuma chao, anatsimikiza zochoka. South Carolina ndiye anayamba, pa 20 Disembala 1860, ndipo pofika pakati pa chaka cha 1861 maiko opatuka anali 11. Iwo ankati chigwirizano ndi pangano chabe la maiko odziimira paokha, ndipo amene analowa mwa kufuna kwake angathenso kutuluka mwa kufuna kwake. Lincoln, pa tsiku lolumbira udindo wake, 4 Malichi 1861, anayankha kuti ngakhale chigwirizanocho chikanakhala pangano wamba, munthu mmodzi angathe kuswa pangano, koma kulimasula mwa lamulo kufuna onse amene anapangana.

Mau sanathetse mlandu, ndipo nkhondo ya pachiweniweni inamenyedwa kuyambira 1861 kufikira 1865. Opatuka anagonjetsedwa, ukapolo unathetsedwa, ndipo anthu oposa 600,000 aja tawatchula poyamba anafera m'nkhondo imeneyi. M'chaka cha 1869 Bwalo Lalikulu la milandu la dzikolo linaweruza mlandu wotchedwa Texas v. White. Woweruza wamkulu, Salmon Chase, anati pamaso pa lamulo Texas sanatulukemo konse m'chigwirizano, ndipo lamulo lake lopatuka linali lopanda mphamvu kuyambira pachiyambi. Anatinso njira zotulukira zilipo ziwiri zokha: kuukira boma ndi kupambana, kumene sikuli njira ya lamulo, kapena kupeza chivomerezo cha maiko anzake. Muone bwino pamenepa. Bwalo silinanene kuti khomo kulibe. Linati chifungulo chake sichili m'dzanja la dziko limodzi.

Zimene zinachitika ku Australia

Mlandu wa ku Australia uli pafupi ndi wathu, pakuti malamulo aakulu a dzikolo anakhazikitsidwa ndi Nyumba ya Malamulo ya ku London m'chaka cha 1900, ndipo chitaganya cha maiko asanu ndi limodzi chinayamba pa 1 Januwale 1901. Koma chisanayambe, ovota a m'dziko lililonse anafunsidwa navomera, ndipo m'mau oyamba a lamulolo munalembedwa kuti chigwirizanocho n'chosamasulika. Pa nthawi ya umphawi waukulu umene unagwa pa dziko lonse lapansi kuyambira 1929, anthu a ku Western Australia, makamaka alimi, anadandaula kuti msonkho wa boma lalikulu ukomera mafakitale a kum'mawa ndi kuwasautsa iwo. M'mwezi wa Epulo 1933 anachita riferendamu, ndipo ovota awiri mwa atatu alionse anati atuluke. Iwo sanatenge mfuti. Anatumiza nthumwi ku London ndi kalata yopempha. M'chaka cha 1935 kabungwe ka aphungu a ku London kanayankha kuti ngakhale Nyumba yao inali nayo mphamvu pa lamulo, mwambo wokhazikika sunailole kusintha malamulo a Australia popanda pempho la Australia yense. Kalatayo sinalandiridwe, ndipo Western Australia ali m'chitaganya kufikira lero.

Amene anamanga mfundo ya Chitaganya chathu

Nyasaland anali pansi pa chitetezo cha Britain kuyambira 1891, pamene Southern Rhodesia anali kudzilamulira m'manja mwa Azungu atsamunda kuyambira 1923. Atsamundawo anakhumba nthawi yaitali kuphatikiza maiko atatu, poyang'ana mkuwa wa ku Northern Rhodesia ndi manja a anthu ogwira nchito a ku Nyasaland. Bungwe lofufuza la Lord Bledisloe linalemba m'chaka cha 1939 kuti eni dziko a maiko awiri a kumpoto sanafune zimenezi. Sanakane mwa umbuli iai. Amuna athu ambiri anagwirapo nchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, naona ndi maso ao lamulo la chitupa ndi lamulo la 1930 logawa malo mwa mtundu wa khungu. Pamene anauzidwa kuti Chitaganya chidzabweretsa misewu, zipatala ndi chuma, iwo anakumbuka kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Msonkhano wotsiriza wokonza malamulo a Chitaganya unachitika ku London m'mwezi wa Januwale 1953, ndipo nthumwi za eni dziko a Nyasaland sizinakhalepo. Mafumu ena anapita ku London kukadandaula kwa Mfumukazi, koma sanaloledwe kuonana naye. Ndipo chaka chomwecho Inkosi Philip Gomani wa ku Ntcheu anachotsedwa pa mpando chifukwa chouza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma, posonyeza kukana kwao. Riferendamu inachitika ku Southern Rhodesia kokha, m'mwezi wa Epulo, pakati pa ovota amene pafupifupi onse anali Azungu: ovomera anaposa pang'ono 25,000, okana anali pafupifupi 15,000. M'mwezi wa Julayi Nyumba ya Malamulo ya ku London inakhazikitsa lamulo lopatsa Mfumukazi mphamvu yophatikiza maiko atatuwo, ndipo lamulo la Mfumukazi linatuluka pa 1 Ogasiti 1953. Nyumba ya Malamulo ya Chitaganya inali ndi aphungu 35, ndipo mwa iwo eni dziko anali 6 okha.

Taonani tsono amene anamanga mfundo. Si maiko odziimira paokha amene anapangana, monga ku America. Si ovota a m'dziko lililonse, monga ku Australia. Inamangidwa ndi Nyumba ya Malamulo ya ku London. Ndipo m'mau oyamba a malamulo aakuluwo munalembedwa kuti Northern Rhodesia ndi Nyasaland adzakhalabe pansi pa chitetezo cha Mfumukazi, ali ndi maboma aoao, nthawi yonse imene anthu ao afuna chotero. Munalembedwanso kuti malamulowo adzaunikidwa pa msonkhano zitapita zaka 7 koma zisanapitirire zaka 9. Za kupatuka munalibe liu ndi limodzi lomwe.

Mlandu wa Sir Roy Welensky

Sir Roy Welensky, amene anakhala Nduna Yaikulu ya Chitaganya kuyambira 1956, anali ndi mfundo zitatu, ndipo mphunzitsi woona mtima ayenera kuzidziwa ngakhale sazivomera. Yoyamba inali yakuti kukhala chete kwa malamulo sikunali kuiwala: nkhani ya khomo lotulukira inakambidwa pa msonkhano wa 1953 ndipo inakanidwa dala, poopa kuti palibe amene angabwereke ndalama kwa boma limene likhoza kugawanika mawa. Yachiwiri inali yakuti nduna za Britain zinalonjeza pa msonkhanowo kuti Chitaganya sichidzamasulidwa popanda chivomerezo cha maboma ake. Ndipo akuluakulu ena a ku Britain amene anadziwa za misonkhanoyo anamchitira umboni. Yachitatu inali yakuti m'mwezi wa Epulo 1957 boma la Britain linalengeza kuti lizindikira mwambo wakuti silidzaika malamulo pa nkhani za boma la Chitaganya popanda kupemphedwa ndi bomalo. Apa iye anali kuyenda m'mapazi a mlandu wa ku Australia uja.

Pamene akatswiri anali kusanthula mapepala, zinthu zinali kuyenda m'dziko. Dr. Hastings Kamuzu Banda anafika pa Chileka pa 6 Julayi 1958 kudzatsogolera Nyasaland African Congress, ndipo mau ake aakulu anali akuti Chitaganya chithe. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Anthu oposa 1,000 anamangidwa, Dr. Banda anatumizidwa ku ndende ya Gwelo, ndipo anthu pafupifupi 50 anaphedwa, ambiri mwa iwo pa doko la Nkhata Bay. Bungwe lofufuza la woweruza Patrick Devlin linalemba m'mwezi wa Julayi chaka chomwecho kuti kukana Chitaganya kunali kozika mizu, ndipo kunali m'mitima ya pafupifupi anthu onse.

Pokonzekera msonkhano wounika malamulo uja, boma la Britain linatumiza bungwe la Lord Monckton. Welensky anakhulupirira kuti analonjezedwa kuti bungwelo silidzakhudza nkhani ya kupatuka, ndipo eni dziko ambiri a Nyasaland anakana kukaonekera pamaso pake pa chifukwa chomwecho. Koma lipoti lake, limene linatuluka m'mwezi wa Okutobala 1960, linaikhudza ndithu. Linati dziko limodzi lilibe ufulu pa lamulo wotuluka palokha. Koma Nyumba ya Malamulo ya ku London, imene inamanga Chitaganya, sinatayepo mphamvu yake yochisintha kapena kuchimasula, ndipo mwambo wa 1957 sunaichotsere mphamvu imeneyo. Linalangizanso kuti boma la Britain linene poyera kuti lidzalola dziko lopempha kutuluka pa nthawi yoikika. Awiri mwa anthu a m'bungwelo, Manoah Chirwa wa ku Nyasaland ndi H. G. Habanyama wa ku Northern Rhodesia, analemba lipoti laolao lokana kuti Chitaganya chipitirire popanda chivomerezo cha anthu.

Mzu wa yankho limeneli ndi chiphunzitso chakale cha malamulo a Angerezi, chakuti Nyumba ya Malamulo ya lero singamange manja a Nyumba ya mawa; chimene lamulo lina linamanga, lamulo lina lingathe kumasula. Lonjezo la nduna lingakhale ngongole ya ulemu, koma si lamulo. Nanga bwanji mwambo umene unatsekera khomo Western Australia sunatsekere Nyasaland? Chifukwa Australia anali dziko lodzilamulira kotheratu, ndipo anthu a ku Western Australia analowa mwa mavoti ao. Chitaganya chathu sichinafike pa msinkhu umenewo, Nyasaland analibe kuchoka m'chitetezo cha Mfumukazi, ndipo anthu ake sanafunsidwepo.

Mmene mfundo inamasulidwira

Dr. Banda anatulutsidwa m'ndende pa 1 Epulo 1960. Pa chisankho cha pa 15 Ogasiti 1961 Malawi Congress Party, imene inapempha mavoti pa mau oti dziko lituluke m'Chitaganya, inatenga mipando 22 mwa 28. Kuyambira tsiku limenelo sikunathekenso kunena kuti okana Chitaganya ndi anthu owerengeka osokoneza anzao. Pa 19 Disembala 1962 nduna ya Britain yoyang'anira maiko atatuwa, R. A. Butler, inalengeza m'Nyumba ya Malamulo ya ku London kuti boma lavomera kuti Nyasaland atuluke. Welensky anati wapusitsidwa, ndipo ananena chotero kufikira m'buku lake la 1964. Koma panalibe bwalo la milandu limene likanatha kuletsa Nyumba ya ku London. M'mwezi wa Malichi 1963 Northern Rhodesia naye analoledwa.

Kutuluka sikunali kungonyamula mphasa ndi kumapita. Panali ngongole za Chitaganya zoti zigawidwe, asilikali ndi ndege zao, njanji, damu la Kariba, ndi antchito a boma zikwi zambiri amene anayenera kudziwa bwana wao watsopano ndi za penshoni yao. Msonkhano wa ku Victoria Falls, kumapeto a Juni ndi kumayambiriro a Julayi 1963, unaika njira yogawira zimenezi. Pambuyo pake Nyumba ya ku London inakhazikitsa lamulo la 1963 lopatsa Mfumukazi mphamvu yomasula Chitaganya, ndipo chinamasulidwa ndi dzanja lomwe lija linachimanga. Malawi analandira ufulu pa 6 Julayi 1964, ndipo Zambia pa 24 Okutobala 1964.

Kuti tione kusiyana kwa njira ya lamulo ndi njira ina, tiyang'ane dziko lachitatu. Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith analengeza yekha kuti Rhodesia wadzipatula kwa Britain, popanda lamulo la ku London ndiponso popanda chivomerezo cha eni dziko ochuluka. M'chaka cha 1968 bwalo la Privy Council linaweruza kuti boma lake linalibe maziko pa lamulo. Palibe dziko limene linalizindikira, ndipo nkhondo inakhetsa mwazi wambiri Zimbabwe asanabadwe pa 18 Epulo 1980.

Yankho la mphunzitsi

Tibwerere kwa mwana uja anakweza dzanja. Mumuuze kuti Nyasaland sanaswe lamulo potuluka, pakuti sanadzitulutse yekha. Anatulutsidwa ndi lamulo la Nyumba yomwe inamlowetsa. Koma musalekere pomwepo, kuti mwana angaganize kuti ufulu unabwera chifukwa cha chifundo cha ku London. Nyumba imeneyo inali nacho chifungulo kuyambira 1953, ndipo inakhala nacho m'thumba zaka pafupifupi khumi. Chimene chinaichititsa kutsekula ndicho kukana kwa mafumu, kupirira kwa omangidwa, mwazi wa iwo amene tiwakumbukira pa 3 Malichi chaka chilichonse, ndi mavoti a 1961. Sitinganenenso kuti m'zaka zimenezo palibe lamulo limene linaswedwa, pakuti ambiri anakana dala malamulo a boma nalandira chilango chake. Koma potsiriza kutuluka kwenikweniko kunadzera pa khomo, osati pa mpanda.

Muwaphunzitsenso ana kuti maiko opatuka sali onse a mtima umodzi. A ku mwera kwa America anafuna kutuluka kuti asunge anzao mu ukapolo. A ku Nyasaland anafuna kutuluka kuti adzilamulire m'dziko la makolo ao. Mau a chitaganya ndi a kupatuka amamvekabe nthawi zina m'ndale za dziko lino, monga anamvekera m'chaka cha 2014, ndipo ana anu adzawamva m'misika ndi pa wailesi. Si nchito yanu kuwauza mbali yoti atsate. Nchito yanu ndiyo kuwazoloweza kufunsa mafunso amene mbiri iyi yatiphunzitsa: anamanga chigwirizano ndani, anthu anafunsidwa kodi, ali ndi mphamvu yochimasula ndani, ndipo ofuna kutulukawo afuna kukachita chiyani kunjako. Mwana amene adziwa kufunsa zimenezi sadzanyengedwa msanga, kaya ndi wolalikira kupatuka, kaya ndi wonena kuti mfundo yomangidwa kamodzi singamasulidwenso.